Lole Yoyera ya ku Corby

Lackson anagwa n'kumwalira ali pa ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Corby, mu Febuluwale 2018. Anasiyira mkazi wake Elsie chithunzi chimodzi chokha, cha papasipoti, nkhope atakwinya ngati wapalamula. Zaka zimene mapepala ake okhalira m'dziko la eni anali osalongosoka zinamuphunzitsa kuthawa kamera ngati mbuzi pa mvula, ndipo mapepala atatheka khalidwelo silinathe. Kutchalitchi kapena paukwati, munthu akangokweza foni, iye anali atazemba kale.

Pofika chaka chotsatira, Elsie anayamba kuchita mantha. Mawu a mwamuna wake ankawakumbukira, koma nkhope yake akamaseka inkafufutika m'mutu. Akatsinzina ankangoona wa papasipoti uja.

Tsiku lina Hazel, mnzake wa kuntchito yosamalira okalamba ku Beaumont Leys, anamuuza kuti Loweruka m'tauni mudzaonetsedwa filimu ya Rodel Magtibay, Mfilipino amene anajambula anthu a mashifiti ku Corby. Elsie anakumbukira kuti Lackson anabwerapo kunyumba akudzitama kuti mlendo wina anaimika kamera pamsewu, ndipo kwa nthawi yoyamba iye sanazembe, anailunjika ndithu.

"Achemwali, ndatcheka, ndi maola naini," anatero Hazel. "Ndiswapa nanu shifiti, koma mutenge pilo."

Hazel sananame. Rodel anali atapanga mafilimu kwa zaka makumi awiri, kwawo ndi kunja komwe, ndipo lamulo lake linali limodzi: kamera akaiimika saisunthanso. Filimuyo inali yopanda mitundu. Pa chinsalu choonetserapo filimuyo, mvula inadontha padenga theka la ola. Mayi wina anadikira basi mpaka Elsie anafuna kumulipirira takisi. Anthu ophunzira m'holomo ankagwedeza mitu ngati akumva ulaliki, ena akuwodzera mwaulemu. Elsie sanadye, ndipo pa nthawi yopuma sanapite ngakhale kuchimbudzi, kuopa kuti angayambirenso iye kulibe.

Mu ola lachisanu ndi chiwiri panaoneka msewu wautali, mpanda wawaya mbali zonse. Kutali kunali kadontho kakuyenda. Elsie anamudziwa nthawi yomweyo, chifukwa ndani winanso ankapendeketsa phewa lamanzere choncho? Anagwira mpando wakutsogolo. Lackson ankabwera pang'onopang'ono, chikwama cha chakudya chikulendewera. Jekete inayamba kuoneka, kenako chipewa chimene Elsie anamugulira pamsika. Panatsala pang'ono kuti nkhope ioneke.

Pamenepo lole yoyera inatulukira kumbali n'kuima pamaso penipeni pa kamera.

Inaima mphindi khumi ndi imodzi, injini ikulira. Chinsalu chonse chinali mbali ya lole, yopanda ngakhale chilembo. Elsie anapendekera kumanja ngati angasuzumire kuseri kwake, n'kuchita manyazi yekha. Lole itachoka, msewu unali mbee.

Elsie anakhalabe maola awiri otsalawo, poganiza kuti mwina Lackson abweranso. Sanabwere.

Magetsi atayaka, Rodel anaimirira kutsogolo, kamunthu kaimvi kofatsa, kolankhula motsitsa. Bambo wina wamagalasi anayamikira lole ija, akuti inaonetsa bwino mmene katundu amamezera anthu omunyamula. Holo yonse inaomba m'manja. Elsie anamva ukali umene sanaumvepo ngakhale pa maliro, koma anadikira anthu achepe, kenako anapita kukadziulula kuti ndi mkazi wa munthu wa pamsewu uja, ndipo mwiniwakeyo anamwalira.

Rodel anavula chipewa. Anapepesa kuchokera pansi pa mtima, ndipo pa funso la Elsie anayankha kuti zithunzi zina palibe, anajambula kamodzi kokha. Anavomeranso kuti akanasuntha kamera phazi limodzi akanamupeza, pakuti Lackson anadutsa pafupi naye mpaka kumupatsa moni.

"Ndiye inu munamuona," anatero Elsie. "Ndiuzeni chokhachi. Ankaseka?"

Rodel anaganiza nthawi yaitali. Sanali munthu wabodza.

"Pepani mayi, sindikudziwa. Ine ndinkayang'ana lole."