Mkanda Wofiira

M'mawa uja ndinasesa pabwalo, ndinatunga madzi pampopi wa a Eneles oyandikana nafe, ndinachapa matewera a mwana wathu Jessy, n'kuyatsa mbaula yokazingira zitumbuwa za kumsika wa Kabushi, ku Ndola. Ndinasuzumiranso kuchipinda kuona ngati mkanda wofiira ukadali pamsomali wa kumutu kwa bedi.

Za mkandawo anandiphunzitsa ndi alangizi, nditasiya sukulu kuti ndikwatiwe ndi a Nehemiah. Ukapachika wofiira, mwamuna amadziwa kuti uli kumwezi, sakukhudza. Pakamwa mkazi sakana, anatero. Umakana ndi mkanda.

Mgodi umene ankagwirako utagulitsidwa, a Nehemiah anachotsedwa ntchito, nayamba kuyenda ndi malole. Ku Kitwe anali ndi mkazi wina, Dolly. A Eneles ndiwo anandinong'oneza kuti Dolly waikidwa m'manda atatsala mafupa okhaokha. Ndinathamangira kukiliniki, anandipeza ndilibe kachilombo. Kuyambira tsikulo mkanda sunatsike.

Tsiku lija masana, a Nehemiah anandipeza ndikukazinga zitumbuwa zija.

"Amake Jessy, mwezi wanuwu sutha? Ngakhale mvula imakata."

"Sindinachire."

"Nanga dzulo anathira mchere m'ndiwo ndani? Wakumwezi amathira mchere?"

Masiku onsewa ndinkaitana a Eneles kudzandithirira. Dzulo Jessy ankalira, ndinangotapa n'kuthira.

"Tiyeni tikayezetse magazi," ndinatero. "Apo ayi, makondomu. Dolly wafa ndi chiyani?"

Mbama inandigwetsera pambaula. Chiwaya chinagubuduka, mafuta n'kunditayikira pamwendo. Anandikokera kuchipinda, nadula mkanda uja, timikanda mbwee pansi. Anali atakhoma kale chitseko pamene a Eneles anafika ndi munsi n'kuyamba kuchimenya, akuitana a Nehemiah m'Chibemba.

"Bashi Jessy, mukufuna maliro ena? Tsegulani, anthu adzaza pano!"

Anatsegula akutukwana. Ndinabereka Jessy n'kutuluka wopanda nsapato.

Tsopano ndikugona pansi kwa azakhali anga, kuno ku Ndola komwe. Anamwino akuti ndidzayezetsenso pakapita miyezi, chifukwa kachilombo kamabisala poyamba. Jessy akuyamwabe. Akatsokomola, ndimadzuka kumuyang'ana.

Zimene zapita ndi izi: dzino limodzi lakutsogolo, khungu la mwendo wamanzere, chiwaya, malo anga kumsika amene atenga ena, nyumba, ndi moni wa alangizi aja, amene akuuza anthu kuti ndinanamiza mwamuna ndi mkanda.