Zingwe Ziwiri, Paipi Imodzi

Kuntchito ankamutcha Mafunso, ndipo dzinali sanamupatse chifukwa chomukonda. Anali mkazi woti ukamuuza kuti kunja kukugwa mvula, amayamba wasuzumira pawindo. Ankayang'anira makompyuta pa labotale ina yoyeza magazi, yomwe inkatumiza zotsatira ku zipatala zing'onozing'ono makumi atatu kudzera pa intaneti. Seva, kompyuta yaikulu yosunga zotsatirazo, inkakhala kunsi kwa masitepe, pambali pa zidebe ndi mopu. Magetsi akangozima, anamwino ankaimba foni mokalipa ngati kuti wazimitsa ndi iyeyo.

Abwana atatopa ndi madandaulo, anavomera kuti sevayo isamukire kunyumba yosungirako maseva, komwe makampani amachita lendi mashelefu m'chipinda chozizira, chokhala ndi jenereta ndi alonda. Eni nyumbayo amangopereka malo ndi magetsi. Wokubweretsera intaneti umasankha wekha. Mafunso anaumirira kuti pakhale makampani awiri, kuti chingwe cha ina chikaduka, inayo izitumizabe zotsatira. Yoyamba sinavute, anatenga kampani yaikulu ija aliyense amaidziwa. Mutu unamupweteka pa yachiwiri, chifukwa pakati pa ogulitsa omwe anabweretsa mapepala panali mchimwene wake weniweni, wobadwa naye bere limodzi.

Mchimweneyu anali munthu wa pakamwa potsekemera, wa nsapato zowala, woti mlonda aliyense amamutsegulira geti asanamufunse dzina. Ndiye ankamuperekeza Mafunso kusukulu ali wamng'ono, n'kumaopseza anyamata omuseka magalasi ake. Mafunso ankamukonda kwambiri, ndipo ankadziwa kuti akamukana pa nkhaniyi, chibale chawo sichidzakhalanso chimodzimodzi. Kunyumba nkhani inali itafika kale. Amayi awo ankauza aliyense kuti ana awo ayamba kugwira ntchito limodzi.

Choncho anayesa makampani onse mofanana, mumtima akupempherera ya mchimwene wake. Liwiro la intaneti sanaliyeze m'mawa, nthawi yomwe ogulitsa amakonda kuonetsera. Analiyeza Lolemba masana, tauni yonse ili pa foni. Anaimbira manambala a chithandizo nthawi ya chakudya chamasana kuti amve amene ayankhe ndi amene angokusiyira nyimbo. Anafunsa kuti njira yomwe akumugulitsayo ndi yake yekha kapena azilimbirana ndi masitolo khumi. Kampani ya mchimwene wake inakhoza zonsezi, ndipo Mafunso anasangalala mpaka kuimba kanyimbo pokwera masitepe.

Linatsala funso limodzi. Anamufunsa Lachinayi, ataima pageti la nyumba ya maseva.

“Achimwene, chingwe chanu chimadutsa pati?”

“Pansi,” anatero mchimweneyo akuseka. “Ukufuna chidutse m'mitambo?”

“Pansi pake pati? Tiyeni mundionetse.”

“Iwe, mapu ndakupatsa kale.”

“Mapu ndawaona. Ndikufuna ndione chingwe.”

Mchimweneyo anayang'ana nsapato zake, nayang'ana msewu, n'kupukusa mutu. Koma mlongo wakeyu ankamudziwa. Ananyamuka.

Anatsata zivindikiro za simenti m'mbali mwa msewu, chimodzi ndi chimodzi. Anadutsa owotcherera zitsulo, omata matayala, ndi mayi wina wosoka pakhonde yemwe anawafunsa ngati ataya chinthu. Dzuwa linali loswa mtengo. Mchimweneyo ankalankhula njira yonse, za makasitomala akuluakulu omwe ali nawo, za galimoto zawo zokonza zomwe zimafika msanga. Mafunso ankangoti “eya”, maso ali pansi. Chinamudabwitsa n'chakuti chivindikiro chilichonse chinali ndi chizindikiro cha kampani yaikulu ija, ndipo cha kampani ya mchimwene wake sichinaoneke n'chimodzi chomwe.

Pakamlatho ka ngalande, msewu ankaukuza. Chigalimoto chokumba chinali chitaima pomwepo, dalaivala atakhala pamthunzi wa tayala. Dothi linali litagumuka, ndipo paipi yakuda inali pamtunda, itang'ambika mbali imodzi. Mafunso anapinda siketi, natsetserekera m'matopemo, nagwada. M'paipimo munali zingwe ziwiri zogundana. China chinali ndi chizindikiro cha kampani yaikulu. Chinacho chinali ndi kapulasitiki kachikasu kolembedwa dzina la kampani ya mchimwene wake.

Anakhala chogwada kanthawi. Mtima unamuwawa kwambiri, chifukwa ankafunitsitsa kuti asapeze kanthu.

“Bambo,” anaitana dalaivala uja, “apa mukumbanso?”

“Mawa, mayi. Mpaka kuraundabauti uko.”

“Nanga paipiyi?”

“Timayesetsa kuizemba,” anatero bamboyo mosatekeseka. “Koma fosholo ilibe maso.”

Mafunso anakweza mutu. Mchimwene wake anali chilili pamwamba pa ngalande.

“Mumadziwa, achimwene?”

“Timachita lendi paipi yawo mpaka pamphambano. Aliyense amatero.”

“Ndinakuuzani kuti ndikufuna njira ziwiri.”

“Ndi zingwe ziwiri izo, sukuziona?”

“Fosholo imodzi idula zonse.”

“Chikaduka timalumikiza tsiku lomwelo. Wamva wekha mmene timayankhira foni.”

“Tsiku lomwelo mwana ali pabedi, namwino akudikira kuti amve ngati amuike magazi kapena ayi. Ine ndimuuze kuti chiyani? Kuti achimwene akubwera ndi galimoto?”

Mchimweneyo anatsitsa mawu. “Mlongo wanga, ine ndauza kale abwana anga kuti izi zatheka. Amayi akudziwa. Undichititsa manyazi chifukwa cha paipi?”

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagonjera, ndipo sitingawadzudzule. Paipi ikhoza kukhala zaka zisanu osaduka, koma mchimwene umakumana naye pa ukwati uliwonse ndi pa maliro aliwonse. Mafunso anaziganizira zonsezi ali m'matope. Anaganiziranso za kampani yachitatu, yaing'ono, ya ofesi yoyandikana ndi nyumba ya maseva, yopanda ngakhale mpando wa alendo, yomwe chingwe chake chinkayenda pamapolo kudzera kumsewu wakuseri. Anali atachitsata yekha dzulo lake, polo ndi polo, mpaka khosi kuuma. Liwiro lake linali locheperapo pang'ono, koma chingwecho sichinkayandikira ngalandeyi.

Anatuluka m'ngalandemo yekha, chifukwa dzanja la mchimwene wake silinabwere.

“Mukanakhala ndi njira yanuyanu, ndikanasaina lero lomwe,” anatero. “Mukadzakumba yanu, mudzandiuze. Ndidzayenda nanu ngati lero.”

Anabwerera, mchimwene patsogolo, mlongo pambuyo. Atafika pageti la nyumba ya maseva, mchimweneyo anaima, napisa dzanja m'thumba la jekete. Mafunso anaganiza kuti akutulutsa mpango woti apukutire matope m'mawondo. Koma mchimweneyo anatulutsa khadi lake la kuntchito, lokhala ndi dzina ndi nambala ya foni, n'kumupatsa ndi manja awiri monga amachitira ndi kasitomala aliyense wachilendo.

“Zikomo potipatsa mpata,” anatero. “Mukadzasintha maganizo, nambala ndi imeneyo.”

Anakwera galimoto yake n'kumapita. Mafunso anaima pagetipo, khadi lili m'manja, misozi ikutsika mpaka kunyowetsa kolala. Mlonda anayang'ana kumbali mwaulemu. Patapita kanthawi anamufunsa motsitsa ngati akulowa kapena abweranso mawa.

“Ndikulowa,” anatero Mafunso. “Mundiitanirenso anthu a kampani ya mapolo ija. Auzeni abwere ndi mapepala, ndikusaina lero.”