Mafuta a mu Ndiwo za Hortência

Sukulu ndinaisiyira kalasi yachiwiri, koma balansa, sikelo ija, ndimaidziwa. Ndakhala ndikuyeza mbatatesi za ku Tsangano pa msika muno mu Tete kuyambira pamene tinabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndipo palibe woyendetsa lole anandiberapo ngakhale theka la kilo. Choncho tsiku limene dotolo Amadeu anakweza mwana wanga Hortência pa balansa ya kuchipatala, ndinadzuka kukaona ndekha. Muvi unaima pa 148. Ndinati balansa yawo ndi yakufa. Anamutsitsa, namukwezanso. Unaima pomwepo.

Hortência ndiye mwana yekhayo amene ananditsalira. Awiri anagona ku kampu ya othawa nkhondo kufupi ndi Ntcheu, ndipo iyenso anatsala pang'ono kuwatsatira. Tsitsi linali litafiira, miyendo ngati mapesi. Titabwerera kuno n'kupeza malo ku Chimadzi, ndinalumbira kuti mwana uyu sadzaonekanso nthiti. Ndinamudyetsa. Mandazi, nyama ya mbuzi, refresko wa m'botolo, chilichonse chimene manja anga anapeza. Anthu ankati, “Mwana wa Dona Teresinha uja ndiye akusamalidwa,” ine mtima n'kumakoma.

Pofika zaka makumi awiri ndi zinayi sankathanso kugona chagada, mpweya unkamuthawa. Miyendo inatupa, shuga anakwera, mtima unkathamanga ngakhale atangokhala. Ankasoka zovala pakhonde, koma kupalasa makina kunayamba kumulemera.

Dotolo anati njira zilipo ziwiri. Kudya pang'ono ndi kuyenda tsiku lililonse, zaka ndi zaka, ndipo pa thupi lofika apa ambiri amatsika n'kukweranso. Kapena opaleshoni yochepetsa chifu. Madotolo ena akunja ankabwera ku Maputo mu Novembala, ndipo iye akanatha kumulembetsa. Koma asanamugoneke, ankayenera kutsitsa makilo khumi ndi asanu, apo ayi mankhwala ogonetsa akanamupha patebulo.

“Khumi ndi asanu achuluka,” ndinatero. “Tipangane asanu ndi atatu.”

“Amayi, si ine ndikugulitsa.”

“Khumi ndiye. Sindiwonjezera.”

Anavula magalasi n'kundiyang'ana. “Kinze, amayi, khumi ndi asanu. Chiwindi chake sichimva chinyanja kapena chinyungwe.”

“Nanga mwana wa munthu n'kumudula mimba ngati nkhuku, sakudwala n'komwe? Wangonenepa basi.”

Apa ndi pamene Hortência anayankhula. “Amayi, ine ndikufuna mpeniwo. Ndatopa kugona chokhala.”

Anayamba mu Juni, nthawi imene Tete amazizirirako pang'ono. Dzuwa lisanatuluke ankatsika kulowera ku dambo la Nhartanda, pang'onopang'ono, akupuma pa mtengo uliwonse. Sabata yoyamba ankangofika pa mjigo n'kubwerera. Pofika Ogasiti ankafika mpaka kumadimba. Chakudya ndinkaphika ndine, monga mwa pepala la dotolo: masamba owiritsa, nyemba zopanda mafuta, nsomba yootcha, nsima ntanda umodzi waung'ono. Ndinkaphika ndikutukwana, koma ndinkaphika.

Mu Seputembala anali atatsitsa khumi ndi imodzi. Usiku wina anagona chammbali mpaka kucha, ndipo mmawa anandiuza akuseka ngati wapeza ntchito.

Koma thupi lalikulu likamatsika silitsika mokongola. Khungu la m'mikono linalendewera, masaya anagwa, khosi linachita makwinya. Ndipo zaka zimenezo, cha m'ma 2006, munthu akawonda muno mu Tete anthu sankafunsa kuti akudya chiyani. Tinali titaika anthu ambiri. Sabata iliyonse benchi ina pamsika inkakhala yopanda mwini.

Arminda, amene amagulitsa anyezi pafupi ndi ine, ndiye anayamba. Tinali tikusankha zowola, ndipo anayankhula osandiyang'ana.

“Komadre, mwana uja mwamupititsa kukayezetsa?”

“Kuyezetsa chiyani?”

“Musakwiye. Wanga uja anayambanso choncho. Mankhwala alipo masiku ano, n'kubisa kumene kumapha.”

“Mwana wanga akuchepetsa thupi dala. A dotolo anena.”

“Eya,” anatero Arminda. “Nafenso tinkatero.”

Ndinamuponyera mbatatesi yowola, ndipo masiku atatu sitinapatsane moni. Koma nkhani inali itayenda kale. Mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake isanasokedwe. Wina anakana madzi amene Hortência anamupatsa, akuti sali ndi ludzu, kunja kukutentha choncho. Kutchalitchi amayi a bungwe anandifunsa ngati angabwere kudzapemphera kunyumba. Ndinawauza kuti akapempherere amuna awo.

Hortência ankangoti, “Asiyeni, amayi. Yatsala miyezi iwiri.”

Iye ankatha kuwasiya. Ine ayi. Ndikamuyang'ana akusoka, mafupa a paphewa akuyamba kuonekera, sindinkaona makilo a dotolo. Ndinkaona kampu ija, ndi ana anga awiri pa mphasa.

Ndinayamba ndi supuni imodzi ya mafuta mu nyemba. Sanazindikire, anangoti lero zakoma. Mawa lake ziwiri. Masamba ndinkathira nsinjiro zosefa bwino ndi mafuta, n'kuphimba ndi tomato wambiri. Mu phala ndinkasungunula majarini iye ali koyenda. Ntanda ndinkaukulitsa pang'ono pang'ono, monga timachitira ndi mulu pamsika tikafuna kasitomala abwerenso. Botolo la mafuta ndinkalibisa m'thumba la makala. Kenako ndinasiya kubisala kwenikweni. Ndinkabwera ndi mandazi otentha, n'kuwaika pa makina ake, n'kukhala pansi kulira mpaka adye limodzi. Okutobala anafika ndi kutentha kwake kuja, kuyenda kunafupika. Masaya anayamba kubwerera. Pamsika Arminda ankayamba ndi iye kundipatsa moni.

Pa 6 Novembala tinapita kukayezetsa komaliza. Muvi unaima pa 141.

Dotolo Amadeu anayang'ana kabuku kake. “Mu Seputembala munali pa 137. Chachitika n'chiyani?”

“Ndayenda, a dotolo,” anatero Hortência. “Mandazi ndinadya, sindikana, mwina kasanu. Koma zina zonse ndi za papepala. Amayi ndi mboni.”

Onse awiri anatembenukira kwa ine.

“Asanu ndi awiri atsika,” ndinatero. “Si ochepa. Muwauze azungu anuwo kuti enawo atsitsa ali m'basi, ulendo wa ku Maputo ndi wautali.”

“Sindingatumize munthu kuti akafere patebulo.”

“Sabata ziwiri ndiye. Sadya kanthu, madzi okha.”

“Mndandanda ukupita mawa. Malo ndi anayi, odikira ndi ambiri.” Anatseka kabukuko. “Ndani amaphika kunyumba?”

Hortência anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanalire, sanakalipe. Anawerama movutikira kuti avale nsapato, ndipo nditafuna kumuthandiza anakankha dzanja langa.

Titafika kunyumba anapita molunjika ku thumba la makala. Kaya ankadziwa kale, kaya anangoganiza, sindinamufunse. Anatulutsa botolo, naliika patebulo, nalowa kuchipinda.

Kuyambira pamenepo ankadziphikira yekha, pa mbaula yake, poto wake akumusunga pansi pa bedi. Ankandiyankha ndikamufunsa, mwaulemu, mawu awiri atatu. Anayambiranso kuyenda, ine ndikumutsatira kumbuyo patali, chifukwa sankafuna ndiyende naye. Dotolo anati alendo aja mwina adzabweranso chaka chamawa. Mvula itayamba njira ya ku Nhartanda inadzaza matope, miyendo inatupanso, ndipo mpweya unayambanso kumuthawa. Makilo sankatsikanso ngati poyamba. Mu Febuluwale, mmawa wina, anakhala pansi m'mbali mwa msewu kuti apume. Ndinaima patali kudikira kuti adzuke, monga ndinkachitira masiku onse. Ndinadikira nthawi yaitali ndisanamuyandikire.

Bokosi anachita kukhoma lapadera, ndipo analinyamula amuna asanu ndi atatu. Amayi amene anasambitsa thupi anatuluka akunong'onezana, ndipo Arminda anabwera kudzakhala pafupi nane, nandigwira bondo.

“Komadre, mutikhululukire. Taona tokha. Wapita ndi thupi lake lonse, sanali matenda aja. Ndauza aliyense.”

Ndinaimirira pakati pa siwa, nyimbo ili mkati. Ndinati, “Ndine ndinkathira mafuta mu ndiwo zake. Akanapita ku Maputo. Ndine ndinamuletsa.”

Nyimbo inaima pang'ono. Wina kumbuyo anati ndi chisoni chikuwayankhulitsa. Wina anati mayi uyu wadyetsa mwana wake mpaka tsiku lomaliza, ena tikanatha bwanji. Arminda anandikoka kapulana imene ndinavala m'chiuno kuti ndikhale pansi, ndipo mayi wa bungwe anayambitsa ndime yachiwiri. Ndinanenanso, mokweza, koma anali akuimba kale.