Msoko wa M'kati

Komatu sikunali kunyamula kwenikweni, kunali kungolandira. Mkazi wake Clotilda anafika kuchokera ku mjigo ndowa ili pamutu, nawerama pang'ono monga wachitira zaka zonsezi, ndipo manja a Ignasio anangopita okha kukamutula, mutu n'kudzakumbuka ndowa ili kale pansi. Miyezi itatu osanyamula cholemera, anatero dokotala. Ino ndi sabata yachisanu chabe chimung'ambireni pamimba, matumbo ake atapotana.

Tsopano wakhala pansi pa mtengo wa msawu, ndipo kunena zoona moyo ukumukomera: akudya, chakudya chikutsika bwinobwino, kamphepo ka ku Shire kakumupeza pomwepo. Ignasio amamukhulupiriranso dokotalayo, poti iye wakulira kusoka matumba a mapira pamsika wa Bangula, za ulusi sangamunamize munthu. Atamufunsa, dokotalayo anamuuza kuti zapakhunguzi n'zachabe, msoko weniweni uli m'kati, pamnofu wolimba, wobayidwa pafupipafupi, ndi ulusi wotalika kanayi kuposa bala, wosakoka kwambiri. Anasekerera tsiku limenelo, pakuti waulesi ndiye amalumphitsa singano, thumba n'kukaphulikira panjinga, ndipo dokotala uyu sanali waulesi. Komabe — wazionapo kangati! — thumba losokedwa bwino nalonso limang'ambika, osati paulusi koma m'mbali mwake, ndipo mnofu ukatero, akuti matumbo amadzatupira pansi pa khungu, mpeni n'kubwereranso. Uchitsiru wanji umenewu, bambo wamkulu kulephera kusunga manja ake!

"Mwangoti zii bwanji, bambo a Pilira?"

"Kutenthaku."

Clotilda sanazindikire n'komwe zimene zachitika, akungoimba uku akupeta mapira, ndipo Ignasio angamuuze bwanji munthu amene anagona pasimenti m'chipatala masiku khumi akumudwazika, kuti ndowa yake ija mwina yabweza zonse m'mbuyo? Analowetsa dzanja m'malaya mwakachetechete, zala zikutsata chipsera kuyambira pansi mpaka kupitirira mchombo. Posalala, polimba, palibe chotupa. Anabwerezanso, palibe ndithu. Mtima unakhala pansi, anakondwa mpaka kufuna kumuseka mkazi wake chifukwa cha nyimbo yosokonekerayo.

Mphepo inatembenuka, fumbi la m'lichero n'kumulowa m'mphuno. Anayetsemula dzanja lidakali pomwepo, ndipo pansi pa chala chapakati, pamwamba pa mchombo pang'ono, kanthu kofewa kanamugunda kamodzi, n'kubwerera m'kati.