Basi ya ku Uyole M'chipinda cha Subilaga

Kondakitala Ambokile anagona chiimire pakhomo la minibasi, dzanja lili pachitsulo, mpaka amayi atatu otsikira pa Ilomba anakawafikitsa ku Uyole akutukwana. Dalaivala wake, mdala Mwansasu, sanalankhule zambiri.

"Lolemba ukadzasinzanso, mphwanga, udzatsikira pomwepo. Makondakitala ali mbwee pasiteji."

Chomusinzitsa chinali kamunthu ka masabata asanu, dzina lake Subilaga. Kukongola kanatengera mayi ake, koma kukamwa, abale inu, kanatengera bambo. Kankalira usiku, kankalira usana, ndipo makolo ake anali atafika poseka zinthu zosaseketsa.

Lamlungu masana unali mwayi wotsiriza woti Ambokile agoneko. Mkazi wake Tusajigwe analamula kuti nyumba ikhale zii. Wailesi anazimitsa, nsapato anavulira panja, tambala wa aneba anamugenda ndi mwala. Ankalankhulana ndi manja ngati akuba. Mwana ndiye anachita kuwonjezera moto.

"Mpatseni kuno," Ambokile ananong'ona. Anamuyika paphewa n'kumayenda, kukhomo, kuzenera, kukhomo. Maso anatsekeka okha, miyendo ikuyendabe. Atafikanso pachitseko, thupi linangokumbukira ntchito yake. Anachimenya kawiri ndi chikhatho, pha pha, n'kukuwa ndi mawu onse apasiteji.

"Uyole, Uyole! Mmodzi yekha tinyamuke!"

Anadzidzimuka yekha. Tusajigwe anali atagwira m'mutu.

"Baba Subi, mwapenga?"

Koma m'nyumba munali bata. Subilaga anali atatong'ola timaso, kenaka anayasamula.

"Bwerezani," anatero Tusajigwe pang'onopang'ono.

"Nditani?"

"Bwerezani, bambo inu. Miyezi isanu ndi inayi ndimagulitsa nthochi pasiteji ya Mwanjelwa mwanayu ali m'mimba. Bata akanalidziwira kuti? Ife tamuzunza ndi ulemu."

Pamenepo misala inawagwira onse awiri. Ambokile ankaitanira Soweto, Ilomba, Uyole, akunjanja ngati basi yolowa m'maenje. Tusajigwe anasenza beseni lopanda kanthu n'kumamuzungulira. "Nthochi zakupsa, za ku Tukuyu izi!" Analiza hutala ndi mphuno. Anakangana za chenji ndi pasinjala yemwe kunalibe, ndipo anapambana. Kamutu ka mwana kanayamba kulemera paphewa, kadzanja kanagwa lende.

Kunja kunamveka kugogoda. Anali Mama Gwakisa, mwini tambala uja, atanyamula chikwama.

"Pepani aneba. Ndamva ngati pali ya ku Uyole?"

"Yadzaza, amayi," anayankha Ambokile ndi nkhope yantchito.

Atatseka chitseko anakhala pansi, kuseka kopanda mawu, misozi ili chuchuchu, wina kutsina mnzake kuti aleke. Ambokile sankadziwanso ngati akuseka kapena akulira. Anali wotopa mpaka m'mafupa, komanso wokondwa ngati wakhuta mowa.

Anamugoneka mwana pamphasa. Kanangogwedezeka pang'ono, kamlomo kakupindika, ndipo Ambokile anakoka mpweya kuti aitanirenso. Mawu anakana. Anali atasasa.

Tusajigwe anamukankhira pakama n'kumufunditsa chitenje chake.

"Mawuwo sungani, mawa akafunika. Gonani. Basiyi ndiyendetsa ndine."

Anakhala pakati pa awiriwo, dzanja lina pamsana pa mwana, lina pamutu pa bambo ake, n'kuyamba kutchula masiteji mmodzimmodzi kuchokera pa Mwanjelwa. Ambokile anafuna kumuuza kuti wadumpha Soweto, koma tulo tinamutenga asanatero.