Chikalata cha Lenia m'Chigafa

Chikalata cha kusukulu chinakhala masiku atatu chili chopinda m'chitenje cha Ester. Ankafunika kusaina kuti mwana wake Lenia, wa zaka khumi, abayidwe katemera woteteza khansa ya khomo la chiberekero. Koma kumjigo amayi ankanong'ona kuti jakisoniyo amatseka mimba.

Ester anatengapo pakati kasanu, wamoyo ndi Lenia yekha. Akamuona akutsetsereka phiri la ku Kasakula, uniformu ikuuluzika ngati mbendera, ankaona kale zidzukulu zikumuthamangira pambuyo. Ndiye atseke yekha chitseko chimenecho?

"Amayi, mawa ndi tsiku lomaliza," anatero Lenia. "Anzanga onse abweza kale. Tiyeni mukaone a Wezzie."

"A Wezzie ake ati?"

"Akazi a tenanti aja, a ku Rumphi. Iwo anabayitsa kalekale ali ku pulayimale."

Ester anali asanapondeko ku nyumba za matenanti. Moni yekha, wa patali. Koma anapezeka akutsata mwana wake, kudutsa m'minda mpaka pa chigafa, pomwe Wezzie ankasoka fodya, khanda lili kumsana.

Anayamba ndi za mvula. Kenaka za mtengo wa feteleza. Lenia anapondaponda pansi.

"Amayi akufuna kudziwa ngati mwanayo munabereka nokha."

"Iwe! Pakamwa ngati pa chidebe!" anakalipa Ester.

Wezzie anaseka mpaka singano inagwa.

"Amama, funsani anamwino amene ndinawaluma dzanja tsiku lobereka. Uyu ndi wachiwiri. Woyamba ali uko akuthamangitsa nkhuku za abwana." Anamasula khandalo. "Mulandireni, mumuone ngati ndi wapulasitiki."

Ester analandira. Kamwanako kanali kolemera, kofunda, konunkhira mkaka ndi fodya wauwisi. Anakawerenga zala mobisa. Kanamuyang'anitsitsa, ndipo mwadzidzidzi pamiyendo pake panatentha.

"Eee, wakukondani!" anakuwa Wezzie.

"Chikalata changa!" anakuwa Lenia.

Ester anachitulutsa m'chitenje chili chonyowa theka, chidindo cha sukulu chitayamba kusungunuka. Maso a Lenia anadzaza misozi. Ester anayang'ana pepalalo, nayang'ana khanda, ndipo anadabwa kumva mtima wake ukudandaulira pepala limene ankafuna litatayika.

"Mkono unapweteka?" anafunsa motsitsa.

"Masiku awiri. Azakhali anga, amene khansayo inawatenga, anavutika zaka ziwiri."

Ester anatola singano ija, naboola pakona ya chikalata, n'kuchipachika pakati pa masamba a fodya kuti mphepo ya m'phiri ichiumitse.

"Thamanga ukatenge bolopeni. Ukawauze aphunzitsi kuti inali mvula."

"Mvula yonunkha chonchi?"

"Thamanga, iwe!"

Lenia anauyatsa ulendo wokwera phiri. Ester anakhala pansi, khanda lili pachifuwa, nakokera mulu wa fodya pafupi ndi Wezzie.