Regyuleta ya a Mawaya

"Magetsi azimanso!" Amayi anafuula ali m'chipinda chozizira. "Kodi nkhuku ndi soseji ndizizisiyanitsa ndi mphuno?"

Chitsiriza anatula katoni n'kusuzumira. Timababu ta kudenga tinkangoti phethiphethi ngati maso a munthu watulo. Panali patangopita masiku ochepa chiikire maliro a bambo ake, amene msewu wonse unkawatchula kuti a Mawaya chifukwa sankaona chinthu n'kuchisiya chopanda waya. Shopu ya nyama youmitsa m'firiji inali ya Amayi, koma magetsi ake onse anali ntchito ya manja a malemuwo.

Mchimwene wake wa Chitsiriza, dalaivala wa malole, anaima pakhomo atavala majekete awiri.

"Mwaonatu, Amayi? Tsiku lina mudzagwa mumdima umu, tidzakupezani mutauma gwa ngati nkhuku zanuzo. Titseke shopuyi, tizikakhala kwanga."

"Kwako ndizikatani? Kupukuta matayala?"

"Ndinawalonjeza bambo kuti ndidzakusamalani."

Amayi anatuluka akupukusa mutu. "Chabwino. Magetsiwa akapanda kuyaka lero, unditenge. Akayaka, undisiye ndi nkhuku zanga."

Chitsiriza anadziwa kuti sakunena zocheza. Ankadziwanso kuti kutali ndi makasitomala awo, opanda wokangana naye za mafupa ndi mnofu, Amayi akanafota ngati duwa la m'botolo. Chitsiriza ntchito yake inali yokonza mafoni, choncho anatenga mita yoyezera magetsi ya bambo ake n'kutsegula kabokosi kachitsulo kamene kanali pakhoma, pafupi ndi chitseko. Munali regyuleta, kachipangizo kakuda ka miyendo itatu. Mtovu wa pamiyendoyo unkanyezimira, wowotcherera chatsopano.

"Achimwene, mwagwiramo muno?"

Dalaivala anatsokomola. "Ndangokonza pang'ono. Waya wina unathothoka, ndiye ndinaona pafoni mmene amalumikizira. Bambo anasokoneza miyendo, ukudziwa ukalamba. Nditayesa patebulo zinawala bwinobwino."

Chitsiriza anayeza. Mavoliti, mphamvu yokankha magetsi, anali pamalo pake, osasuntha. Ngakhale chithunzi cha pafoni chija chinkagwirizana ndi achimwene. Nanga vuto linali pati? Analowa m'chipindamo mano akugundana, n'kuzula kamzere kamodzi ka timababu. Manja atachita dzanzi, anakapana kukhwapa kuti apumeko. Atakabwezera, kanawala ngwee, kenako pang'onopang'ono kanayambanso kufooka.

"Basi tapeza mankhwala!" anaseka Dalaivala. "Amayi, mulembeni ntchito mwana wanuyu, azifungatira mababu kukhwapa."

Koma Chitsiriza anali atatong'ola maso. "Achimwene, bambo sanasokoneze. Timababuti tikazizidwa timafuna kukankhidwa kwambiri kuti magetsi adutse. Inu mwaiuza regyuleta kuti isunge mavoliti pamodzimodzi, zivute zitani. Bambo anaika rezista, kachipangizo kochepetsa magetsi, pakati pa miyendo iwiriyi kuti iziyang'anira kuchuluka kwa magetsi odutsa. Kukazizira, imawonjezera mavoliti yokha."

Dalaivala anakanda m'mutu, kenako nkhope inamasuka. "Ngati pachitunda! Umaponda mafuta kwambiri kuti liwiro lisatsike."

"Ndendende. Nanga rezista ya bambo ili kuti? Yofanana nayo ndilibe, ndipo kusitolo imachita kuitanitsidwa."

Dalaivala anayang'ana Amayi, amene ankanamizira kupukuta sikelo uku khutu lili kwa ana awo. Chitsiriza anaona dzanja la mchimwene wake likulowa m'thumba la jekete lam'kati n'kukhala momwemo. Akanangonena kuti anataya, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo madzulo Amayi akanakwera lole.

"Ndinaisunga," anatero potsiriza, akutulutsa kanthu kangati kambewu ka mizere yamitundumitundu. "Ndimati ikhale chikumbutso."

"Chikumbutso chibwerere pantchito," anatero Amayi. "Mwini wake sankakonda zinthu zongokhala."

Dalaivala anagwira tochi, Chitsiriza n'kuwotcherera. Utsi wa mtovu utakwera, onse awiri anayang'anana, pakuti fungo limenelo linali la malaya a bambo awo. Atayatsa, chipinda chonse chinawala. Anatseka chitseko n'kudikira kuti kuzizira kuchite zake. Atatsegulanso, timababu tinali chiwalire, mpaka ayezi wa m'makoma ankathwanima.

"Nkhuku zanga!" Amayi anaomba m'manja. "Iwe dalaivala, lole yako ipite yopanda katundu."

"Ndizibwera Loweruka lililonse kudzakuonani ngati simunaume."

"Uzibwera ndi njala, osati ndi foni yakoyo."

Akutseka kabokosi, Dalaivala anaima n'kutsatira waya ndi chala. "Koma chimodzi sindikumvetsa. Bwanji anaika regyuleta kuno kuchitseko, n'kuwononga waya wautali chonchi? Akanaiika pafupi ndi mababu."

Amayi anapisa dzanja kuseri kwa kabokosiko, kumene kunali kashelefu kobisika, n'kutulutsa magolovesi awo a ntchito.

"Kachipangizoka kamatentha kakamagwira ntchito. Bambo anu ankati kutentha kumeneko kusapite pachabe."

Anawagunditsa patsaya la mwana wawo wamkuluyo, kenako la Chitsiriza. Anali ofunda. Ndiyeno anawavala mosafulumira, chala chimodzichimodzi, n'kulowa m'chipinda chozizira.